ZODABWITSA ZA KU GOMBE LA DORSET

Kwa aphunzitsi

Phunziro lisanayambe, pacikani mapu a dziko lonse lapansi pamalo pamene ana onse angawaone bwino. Konzaninso botolo loonekera mkati, madzi, mcenga, dothi lofiira ndi lakuda, dongo lofewa ndi cigoba ca nkhono. Zinthu zimenezi zidzagwira nchito nkhani ikatha.



Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja ya mcere. Tili nazo nyanja zathu, Bangweulu, Mweru, Tanganyika ndi Kariba, koma madzi ake alibe mcere, ndipo zonse zili pakati pa mtunda. Munthu wa ku Kapiri Mposhi akafuna kuona nyanja ya mcere ayenera kuyenda pa sitima ya TAZARA makilomita 1,860 kufikira ku Dar es Salaam. Kumeneko nkotentha ngati kwathu konkuno. Lero tipita kutali koposa apo, ku gombe la dziko lozizirira, kuti tikaone zinthu zimene mafunde amaonetsa kwa munthu woyenda pang'onopang'ono ndi maso ake pansi.

Kumene tikupita

Yang'anani pa mapu. Ikani cala pa Zambia, muyende naco cakumpoto, mudutse cipululu ca Sahara, muoloke nyanja ya Mediterranean, mupyole dziko la France. Madzi opapatiza amene mwafikapowo si mtsinje ai. Ndi nyanja yochedwa English Channel, ndipo tsidya lake ndi England. Gombe limene tikuliyendera lili kumwera kwa dzikolo, m'maboma a Devon ndi Dorset.

Dziko limeneli silitentha ngati cigwa ca Luangwa mwezi wa Okutobala, ndiponso silizizira mpaka nyanja kuuma gwa monga kumacitikira kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Lili pakati. Nyengo zake ndi zinayi, ndipo zimasemphana ndi zathu. Pamene ife tikupalira cimanga m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, iwo ali m'cisanu. Usana umakhala wa maola pafupifupi 8 okha, ndipo mphepo ya mkuntho imakuntha gombe kawirikawiri. Mvula imagwa mwezi uliwonse wa caka. Musaiwale mvula ndi mkuntho, pakuti zili ndi nchito yaikulu m'nkhani yathu.

Gombeli limayambira pafupi ndi mzinda wa Exmouth kumadzulo ndi kukathera ku miyala yochedwa Old Harry Rocks kum'mawa, ulendo wa makilomita pafupifupi 155. M'caka ca 2001 bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa malo a mtengo wapatali kwa anthu onse, kaundula yemweyo amene mathithi athu a Mosi-oa-Tunya analowamo m'caka ca 1989.

Nyanja imene imadzaza ndi kuphwa

Codabwitsa coyamba ndi nyanja yeniyeniyo. Mtsinje wa kwanu umadzaza nthawi ya dzinja ndi kuphwa nthawi ya cilimwe, kamodzi pa caka. Nyanja ya mcere imadzaza ndi kuphwa kawiri tsiku lililonse. M'mawa mungathe kuyenda pa mcenga wouma. Pakapita maola asanu ndi limodzi, pamalo pomwepo pamakhala madzi omiza munthu wamkulu. Ku mzinda wa Lyme Regis, masiku ena madzi amakwera pafupifupi mamita 4 kucokera pamene anali ataphwera.

Cimene cimacititsa zimenezi ndi mwezi. Monga dziko lapansi limakokera pansi mwala umene mwauponya m'mwamba, momwemonso mwezi umakoka dziko lapansi ndi madzi ake. Madzi a m'nyanja amatundumuka ku mbali imene yayang'anana ndi mwezi, ndiponso ku mbali inayo ya kuseri. Popeza dziko limazungulira kamodzi pa tsiku, gombe limakumana ndi madzi otundumukawo kawiri. Koma mwezi nawonso suima malo amodzi, motero madzi amacedwa kudzaza ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Akadzaza lero pa 8 koloko, mawa adzadzaza nthawi ili pafupi kukwana 9 koloko.

Dzuwa nalo limakoka, ngakhale mphamvu yake pa madzi ndi yocepa poyerekeza ndi ya mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, dzuwa ndi mwezi zimakoka mothandizana. Masiku amenewo madzi amakwera kwambiri ndi kuphwanso kwambiri. Nanga bwanji nyanja zathu sizitero? Mwezi umazikoka nazonso, koma ndi zazing'ono poyerekeza ndi nyanja ya mcere, cotero kukwera kwa madzi ake nkocepa kwambiri kwakuti maso sangakuone.

Mwana aliyense wa ku gombe amaphunzitsidwa kufunsa nthawi ya madzi asanapite kukasewera. Wosafunsa amapezeka ali pakati, kumbuyo kuli phompho, kutsogolo madzi akubwera, ndipo anthu ena anataya moyo mwa njira imeneyi.

Zamoyo za m'zithaphwi

Madzi akaphwa amasiya zithaphwi m'maenje a miyala. Mukafika mothamanga mudzangoona madzi ndi ndere basi. Koma akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Gwadani, musacite phokoso, ndipo cithunzithunzi canu cisagwere pa madzi. Posacedwa mudzaona kuti cithaphwico ndi mudzi wodzaza ndi eni ake.

Pa mwala pamamatira kankhono kamene cigoba cake cimaoneka ngati kadenga ka nkhokwe. Dzina lake m'Cingerezi ndi limpet. Mukakakhudza kamagwira mwala zolimba kotero kuti simungakacotse ndi zala. Madzi akadzaza kamayamba kuyenda, kumapala ndere ndi lilime lake lokhakhala. Madzi asanaphwe kamabwerera pamalo pake penipeni, pamene cigoba cake cinazolowerana ndi mwalawo mpaka osasiya mpata. Potero kamasunga cinyezi m'kati ndipo sikauma ndi mphepo.

Pambali pake pali kanthu kofiira, kofewa, konga kampira konyowa. Madzi akakaphimba kamatambasula timanja tambirimbiri ndi kuoneka ngati duwa. Si duwa ai, ndi nyama yochedwa anemone, ndipo timanja timeneto tili ndi ululu wogwirira tinsomba ndi tizirombo tina todutsa pafupi.

Kenaka mudzaona cigoba ca nkhono cikuthamanga, cinthu cimene nkhono siicita. M'katimo muli nkhanu ya mtundu wina imene kumbuyo kwake nkofewa, kopanda cikamba. Kuti idziteteze imalowa m'cigoba cimene mwini wake anafa, ndi kumayenda naco. Ikakula imafunafuna cigoba cokulirapo, niciyesa ndi zala zake, ndi kusamukiramo mofulumira mdani asanaione. Palinso nyama ya manja asanu yooneka ngati nyenyezi. Dzanja limodzi likaduka, lina limamera pamalo pake.

Zamoyo zonsezi zili ndi vuto limodzi. Kawiri pa tsiku zimamizidwa ndi kumenyedwa ndi mafunde, ndipo kawiri pa tsiku zimasiyidwa pa mphepo, pa dzuwa ndi pamaso pa mbalame. Ciliconse cili ndi njira yake yopulumukira: cina cimamatira, cina cimadzitseka, cina cimabisala.

Gombe la nsangalabwi

Tiyeni tsopano tiyende cakum'mawa kucokera ku Lyme Regis. Tifika pa gombe lochedwa Chesil Beach, limene lilibe mcenga. Lonse ndi mulu wa nsangalabwi, utali wake makilomita 29, kuyambira ku West Bay kufikira ku cisumbu ca Portland. Cakufupi ndi Portland muluwo ndi wautali kupita m'mwamba koposa mamita 12. Kuseri kwake kuli dziwe lalitali la madzi odekha lochedwa Fleet, kumene mbalame za m'madzi zimaswerana.

Codabwitsa cake ndi ici. Kumadzulo nsangalabwizo ndi zazing'ono ngati njere za cimanga. Mukamayenda cakum'mawa zimanka zikula, mpaka ku Portland zimafanana ndi nkhonya ya munthu wamkulu. Palibe munthu amene anazisankha. Ophunzira ambiri amafotokoza kuti mafunde amphamvu, ocokera kumwera cakumadzulo, amakankhira kum'mawa miyala yaikulu ndi yaing'ono yomwe, koma mafunde ofooka ocokera mbali inayo amatha kubweza yaing'ono yokha. Nchito imeneyi ikacitika zaka zikwi zambiri, miyala imasankhika monga mmene mai amapetera cimanga m'licero, gaga mbali ina, mphale mbali ina. Anthu a kumeneko amasimba kuti asodzi akale, akakoceza usiku wamdima, ankangotola mwala umodzi ndi kudziwa pamene afika.

Mulu umenewu ndi linga loteteza midzi ya kuseri kwake. Mwezi wa Novembala m'caka ca 1824 kunabwera mkuntho woopsa, mafunde analumpha lingalo ndi kugumula nyumba m'midzi ya Fleet ndi Chiswell, ndipo anthu ambiri anafa. Masiku ano nkoletsedwa kutola nsangalabwi pa gombeli. Mwala umodzi umaoneka wacabe, koma alendo zikwizikwi akatenga umodziumodzi, linga limacepa.

Mafunde amasema miyala

Tikapitirira Portland tipeza mwala waukulu umene waima m'madzi, uli ndi cibowo pakati ngati khomo la nyumba. Dzina lake ndi Durdle Door. Mmisiri amene anabowola khomo limeneli ndi mafunde. Poyamba panali kamng'alu m'thanthwe. Mafunde anali kumenya pamenepo usana ndi usiku, kuponyamo mcenga ndi timiyala, mpaka kamng'aluko kanasanduka phanga. Phangalo linanka likuya kufikira linatulukira mbali inayo.

Nchitoyo siinathe. Tsiku lina denga la khomolo lidzagwa, ndipo padzatsala mzati woima paokha m'nyanja. Zoterezi zinacitika kale kumapeto a gombeli, ku Old Harry Rocks. Kumeneko kuli mzati woyera umene anthu anaucha Old Harry, ndipo pambali pake panali wina umene ankati ndi mkazi wake. Mafunde anadya tsinde la mkaziyo mpaka anagwa m'caka ca 1896, ndipo lero pangotsala citsa.

Mvula nayo imathandiza kugwetsa gombe. M'malo ambiri miyala ya pamwamba imamwa madzi, koma pansi pake pali dongo limene madzi salipyola. Mvula ikaculuka, dongolo limaterera, ndipo nthaka yonse ya pamwamba imaseserekera kunyanja. Pa Khirisimasi ya caka ca 1839, pamalo ochedwa Bindon kumadzulo kwa Lyme Regis, cigawo cacikulu ca mtunda cinang'ambika ndi kusuntha pamodzi ndi minda yake. Tirigu amene anali m'mundamo anapitiriza kukula, ndipo anthu anakamkolola mwezi wa Ogasiti caka cotsatira, pakati pa khamu la anthu odzaonerera.

Mwina mukuganiza kuti nyanja ndi mdani woononga basi. Nzoona imaononga, pakuti minda ndi njira zimatha. Koma pogumula gombe, nyanja imavundukula zinthu zimene zinabisika kuyambira kalekale anthu asanakhaleko.

Njoka za mwala

Tibwerere ku Lyme Regis, pa gombe lochedwa Monmouth Beach. Madzi akaphwa pamaoneka thanthwe lalikulu lathyathyathya, ndipo pa thanthwepo pali zinthu mazanamazana zopindika ngati nkhata, zina zazikulu ngati mbale, zina ngati licero. Anthu akale a ku England ankati ndi njoka zimene zinasanduka miyala, ngakhale kuti palibe imene inapezeka ndi mutu. Lero tikudziwa kuti ndi zigoba za nyama za m'nyanja zochedwa ammonite. Nyamayo inkakhala kukamwa kwa cigobaco, inali ndi manja ambiri ogwirira cakudya, ndipo inkayandama m'madzi. Mtundu wake wonse unatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo.

Kodi cigoba cingasanduke bwanji mwala? Nyama ikafa imamira ndi kugona pansi pa nyanja. Kawirikawiri imadyedwa kapena kuola, osasiya kanthu. Koma nthawi zina matope amaikwirira msanga. Mnofu umaola, cigoba ndi mafupa zimatsala. Matope ena amagwera pamwamba, ena pamwamba pa amenewo, caka ndi caka, mpaka kulemera kwake kumafinya a pansiwo ndi kuwasandutsa mwala. Madzi oyenda m'mwalamo amabweretsa tizidutswa ta miyala yosungunuka, timene timalowa m'cigoba kapena m'fupa ndi kuuma momwemo. Cotsalira cotere a sayansi amacicha fossil.

Popeza matope amasanjikizana, a pansi ndiwo akale, a pamwamba ndiwo atsopano. Pa gombe lino pali mwai wina. Kalekale mphamvu za pansi pa dziko zinapendeketsa miyala yonseyi cakum'mawa, monga mulu wa mabuku umene wagwera mbali imodzi. Motero munthu safunika kukumba kuti aone ya pansi. Angoyenda m'mbali mwa nyanja. Kumadzulo, ku Devon, miyala ndi yofiira, ya zaka pafupifupi 250 miliyoni, pamene dzikolo linali cipululu cotentha. Ku Lyme Regis ndi yotuwa ndi yakuda, matope a nyanja ya zaka pafupifupi 200 miliyoni zapitazo. Cakufupi ndi Lulworth kuli zizindikiro za zitsa za nkhalango yakale, umboni wakuti nyanja inaphwa ndipo panamera mitengo. Kum'mawa kwenikweni miyala ndi yoyera mbee, yopangidwa ndi zigoba za tizamoyo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, pamene nyanja inabweranso. Ulendo wonsewo ndi mbiri ya zaka 185 miliyoni. Tikagawa zakazo mofanana ndi makilomita 155 aja, mita imodzi yokha ikuimira zaka zoposa 1,000.

Mtsikana amene anaphunzitsa ophunzira

M'mzinda wa Lyme Regis munabadwa mtsikana dzina lake Mary Anning m'caka ca 1799. Atate wake anali kalipentala wosauka, amene ankatolanso miyala yodabwitsayi ndi kuigulitsa kwa alendo. Ankatenga ana awo popita ku gombe ndi kuwaonetsa kafunidwe kake. Iwo anamwalira m'caka ca 1810 ndi kusiya banja m'ngongole. Mary sanapite patali ndi sukulu. Kutola miyala kunakhala njira yopezera cakudya.

M'caka ca 1811, Mary ali ndi zaka 12, mlongo wake Joseph anapeza cigaza cacikulu ca mlomo wautali ndi mano ambiri. Anthu anayesa ng'ona. Mary anapitiriza kufufuza pamalopo miyezi yambiri, ndipo caka cotsatira anapeza thupi lake. Nyamayo inali yaitali mamita pafupifupi 5, inali ndi maso aakulu kwambiri, ndipo m'malo mwa miyendo inali ndi zipsepse. Banjalo linalandira mapaundi 23. Pambuyo pake ophunzira anaicha ichthyosaur, kutanthauza buluzi wonga nsomba. Inkakhala m'nyanja moyo wake wonse koma inkapuma mpweya, ndipo inkabereka ana amoyo.

M'caka ca 1823 Mary anapeza mafupa athunthu a nyama ina yochedwa plesiosaur, ya mutu waung'ono, khosi lalitali zedi, ndi zipsepse zinayi zonga nkhafi. Katswiri wochuka wa ku Paris, Georges Cuvier, poona cithunzi cake anakayika. Anaganiza kuti wina walumikiza mafupa a nyama ziwiri kuti anyenge ogula. Zikanatsimikizika kuti ndi cinyengo, palibe akanagulanso kanthu kwa Mary. Koma mafupawo atapimidwa bwino, Cuvier anavomera kuti nyamayo ndi yeniyeni. M'caka ca 1828 Mary anapezanso nyama youluka ya mapiko a cikopa onga a mleme, yoyamba ya mtundu umenewo kupezeka kunja kwa dziko la Germany.

Sanali wongotola cabe. Anadziphunzitsa yekha powerenga ndi kukopera zolemba za ophunzira, ndipo ankatumbula nsomba za lero kuti afanizire ndi mafupa akalewo. Anazindikira kuti timiyala tina tobulungira timapezeka kawirikawiri m'mimba mwa ichthyosaur, ndipo atatiphwanya anapezamo minga ndi mamba a nsomba. Tinali ndowe zosanduka mwala, ndipo mwa izo anthu anayamba kudziwa cimene nyama zakalezo zinkadya.

Nchito yake inali yoopsa. Nthawi yabwino yofufuza ndi m'cisanu, mkuntho utangogumula phompho, madzi asanakokolole zimene zagwa. M'caka ca 1833 phompho linagumuka ndi kupha galu wake Tray pafupi ndi pamene iye anaima.

Zimene Mary anapeza zinathandiza kuyankha funso lalikulu la nthawi imeneyo. Anthu ambiri sankakhulupirira kuti mtundu wathunthu wa nyama ungathe kutheratu pa dziko. Koma nyama zoterezi palibe amene anazionapo zamoyo m'nyanja iliyonse. Ngakhale zinali tero, bungwe la ophunzira za miyala la ku London, Geological Society, silinkalandira akazi masiku amenewo, ndipo amuna ambiri amene anagula mafupawo ndi kulemba za iwo sanachule dzina la amene anawapeza. Mary anamwalira ndi matenda a khansa m'caka ca 1847, ali ndi zaka 47. M'caka ca 2022 anthu anaimika cifanizo cake ku Lyme Regis, moyang'ana nyanja. Amene anayambitsa ganizo limeneli anali mtsikana wa sukulu wa msinkhu wanu, amene anafunsa amake cifukwa cimene panalibe cikumbutso cotero.

Gombelo silinathe kupereka. M'caka ca 2022, pafupi ndi Kimmeridge, panakumbidwa cigaza ca nyama yolusa ya m'nyanja yochedwa pliosaur, cotalika mamita 2. Ciyambi cake cinali cakuti munthu wina woyenda pa gombe anaona nsonga ya mlomo wake itagwera pa miyala.

Nanga kwathu kuno?

Musaganize kuti miyala yokamba mbiri ili ku England kokha. M'cigwa ca Luangwa mumapezeka mafupa osanduka mwala a nyama zimene zinakhalako zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, zakale kuposa ichthyosaur wa Mary. Nyama ina yakale ya m'cigwamo inapatsidwa dzina lakuti Zambiasaurus, ina Luangwa. Pafupi ndi Chirundu pali mitengo yathunthu yosanduka mwala, ndipo malowo ndi otetezedwa ndi boma. Nchito imene nyanja imacita ku Dorset, kwathu kuno imacitidwa ndi mitsinje ndi mvula, zimene zimakumba makwawa ndi kuvundukula za pansi.

Kumbukiraninso za Kabwe. M'caka ca 1921, mu mgodi umene nthawiyo unkachedwa Broken Hill, anchito anapeza cigaza ca munthu wakale, cimene ophunzira a masiku ano amati ciri ndi zaka pafupifupi 300,000. Cinatumizidwa ku London, ndipo cimasungidwa ku Natural History Museum, nyumba yomweyo imene muli ichthyosaur ndi plesiosaur za Mary Anning. Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwezedwe. Dzina la mzungu wa ku Switzerland amene anali pamenepo linalembedwa. Dzina la munthu wakuda amene anali kukumba naye silinalembedwe.

Tsono inu mukapeza fupa kapena mtengo wosanduka mwala, musauphwanye, musaugulitse, ndipo musaucotse pamalo pake. Cinthu cotere cikacoka pamene cinagona, theka la mbiri yake limatayika, cifukwa mwala umene caturukamo ndiwo umanena zaka zake. Jambulani cithunzi cake m'kope lanu, mulembe tsiku, malo ndi dzina lanu, ndipo muuze aphunzitsi. Iwo adzadziwitsa a bungwe la National Heritage Conservation Commission, limene limayang'anira zinthu zotere m'dziko lathu. Ndiponso musaime m'tsinde mwa khwawa lakuya mvula itangogwa. Kumbukirani galu wa Mary.

Mary Anning analibe cuma kapena maphunziro apamwamba. Anali ndi nyundo, dengu, ndi cizolowezi cobwerera pamalo amodzimodzi tsiku ndi tsiku kukaona cimene casintha. Cizolowezi cimeneci mungathe kuciyamba mawa lomwe, pa njira yanu yopita ku sukulu.

Tsalani bwino ana, tsalani bwino aphunzitsi.

Zocita nkhani ikatha

1. Thirani madzi m'botolo. Ikanimo mcenga, mudikire ukhazikike. Ikanimonso dothi lofiira, mudikire, kenaka lakuda. Ana anene cigawo cimene ciri cakale koposa zonse. Pendeketsani botololo pang'onopang'ono kuti aone mmene zigawo zimaonekera zikapendekeka.

2. Mwana aliyense adinde cigoba ca nkhono kapena tsamba pa dongo lofewa, acicotse, ndi kuumika dongolo pa mthunzi. Kambiranani cimene cizindikiroco cingauze munthu amene sanaonepo nkhono.

3. Pitani ndi ana ku mtsinje wapafupi nthawi ya cilimwe. Atole miyala pamene madzi amathamanga ndi pamene amadekha, ayerekeze kukula kwake, ndi kuibweza pamalo pake.

Mafunso

1. Kodi nyanja ya mcere imadzaza kangati pa tsiku, ndipo cimacititsa nciani?
2. Madzi akadzaza pa 6 koloko m'mawa Lolemba, adzadzaza nthawi yanji m'mawa wa Laciwiri?
3. Cifukwa ciani limpet amabwerera pamalo pake madzi asanaphwe?
4. Fotokozani mmene mng'alu wa m'thanthwe umasandukira mzati woima m'nyanja.
5. Cifukwa ciani Mary Anning ankafufuza mafupa nthawi ya mkuntho?
6. Chulani malo atatu a m'Zambia kumene kunapezeka zotsalira zakale.
7. Kodi muyenera kucita ciani mukapeza fupa losanduka mwala?